Kuwerenga mazenera a matchalitchi a ku Thyolo ndi Mulanje

Lolemba: Bvumbwe mpaka pa boma la Thyolo

Tanyamuka ku Limbe m'bandakucha, chifukwa zenera la kuseri kwa guwa limafuna kulipeza dzuwa lisanakwere. Katundu wa ntchito yoyendera mazenera a matchalitchiyi ndi wochepa: makwerero, tochi, tepi yoyezera, thabwa lowongoka la mita imodzi, thonje, kope, kampasi ya pafoni, ndi botolo la madzi osungunulidwa, aja othira mu batire ya galimoto, osati asidi wake ayi.

Chinthu choyamba munthu akalowa m'tchalitchi si kufunsa kuti chithunzicho ndi cha ndani, koma kuti zeneralo linapangidwa bwanji, pakuti matenda ake amachokera pamenepo. Kuno kwathu mazenera a mitundu alipo a magulu atatu. Loyamba ndi galasi lomwe mtundu wake uli m'kati mwa galasi lenilenilo, lodulidwa tizidutswa, tolumikizidwa ndi mizere ya mtovu. Mtovuwo ukaudula umaoneka ngati chilembo cha H, galasi limalowa uku ndi uku. Awa ndi osowa, ambiri anabwera pa sitima nthawi ya amishonale. Lachiwiri ndi magalasi a mitundu odulidwa makona anayi, oikidwa m'felemu yachitsulo ndi putty, chomata chija chogwiriziza galasi, ndipo chithunzi chimabwera chifukwa cha kasanjidwe kake: mtanda wofiira pakati pa achikasu, basi. Lachitatu ndi galasi wamba loyera lomwe mmisiri wa zikwangwani analipaka penti pamwamba, kapena kulimata pepala la pulasitiki la mitundu.

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Walitsani tochi chopendeketsa pa galasilo muli m'kati. Penti yongopaka imaoneka mizere ya burashi ndipo m'mphepete imatukuka ngati khungu la njoka. Penti yeniyeni ya pa galasi ndi yakuda kapena yoderako yokha. Ndi ufa wa galasi wosakaniza ndi dzimbiri la chitsulo kapena la mkuwa, ndipo imawotchedwa mu uvuni pa madigiri pafupifupi 650 mpaka kulowerera m'galasimo. Ndiyo imajambula maso, zala, tsitsi ndi makwinya a mkanjo. Mtundu wofiira kapena wabuluu sachita kupaka, umakhala wa galasilo.

Tchalitchi choyamba, pakati pa minda ya tiyi, chili ndi a gulu lachitatu. M'busa Wabwino wasenza nkhosa paphewa, koma nkhope yake yatsala theka, ndipo pansi pa zenera pali tinyenyeswa ta penti ngati gaga. Chifukwa chake n'choti penti ya mafuta siigwira galasi, imangokhalapo. Masana galasi likatentha limatambasuka pang'ono, usiku limabwerera, penti n'kumang'ambika, kenako mame a m'mawa amalowa m'ming'alumo. A komiti anafunsa ngati angapake vanishi pamwamba kuti zotsalazo zisagwe. Musatero, abale. Vanishi amasanduka wachikasu, ndipo akayamba kusupuka amanyamula penti yonse. Jambulani chithunzicho pa foni mutaima molunjika, chilembeni pa pepala lalikulu kukula kwake komweko, ndipo musunge pepalalo ku parishi. Tsiku lodzapanga lina, mmisiri adzakhala ndi poyambira.

Mtengo wa zenera lotere suli pa galasi. Agogo ena omwe amakolopa m'tchalitchimo anatiuza kuti ana a kalasi ya Ukaristia amaphunzira Yohane 10 ataima pansi pa zenera lomwelo. Papa Gregory Wamkulu, polembera episkopi Serenus wa ku Marseille cha m'chaka cha 600, anamuletsa kuphwanya zithunzi za m'tchalitchi, ponena kuti chimene malemba amachita kwa odziwa kuwerenga, chithunzi chimachita kwa osadziwa.

Lachiwiri: Luchenza

Lero tsiku lonse latha pa nkhani ya dzuwa, ndipo ndi nkhani imene omanga matchalitchi kuno amaiphonya kawirikawiri.

Mabuku a zomangamanga za matchalitchi ambiri analembedwa ku Ulaya. Kumeneko dzuwa limadutsa chakumwera, choncho khoma la kumpoto ndi la mthunzi. N'chifukwa chake amisiri akale ankakonda kuika aneneri ndi nkhani za Chipangano Chakale kumpoto, mu buluu wozama, ndipo Chipangano Chatsopano kumwera kowala, mu mitundu yofiira ndi yachikasu. Mu katedrale ya ku Chartres, ku France, yomwe mazenera ake ambiri ndi a zaka za m'ma 1200, zenera lalikulu lozungulira la kumpoto lili ndi Amayi Maria atazingidwa ndi mafumu a Yuda ndi aneneri, pomwe la kumwera lili ndi Khristu mu ulemerero wake monga mwa buku la Chivumbulutso. Guwa limakhala kum'mawa, kotulukira dzuwa, chizindikiro cha kuuka, ndipo chiweruzo chomaliza kumadzulo, kolowera dzuwa.

Kwa ife kum'mawa ndi kumadzulo zili chimodzimodzi, koma kumpoto ndi kumwera n'kotembenuka. Thyolo ndi Mulanje ali pafupifupi madigiri 16 kumwera kwa equator. Dzuwa la masana limakhala pamutu penipeni kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale. Kuyambira Febuluwale mpaka Novembala limadutsa chakumpoto, ndipo mwezi uno wa Juni ndiye lapendekeratu. Khoma lathu lowala ndi la kumpoto. Mukatengera pulani ya ku Ulaya osaiganizira, magalasi ozama a buluu amapita koyenera mwangozi, koma achikasu ndi oyera amakathera kumwera komwe dzuwa silifika bwino, ndipo tanthauzo lija la kuchoka mumdima kulowa m'kuwala limasokonekera. Malangizo athu ndi awa: khoma la kumpoto lipatseni magalasi okhuthala mtundu, chifukwa dzuwa lake ndi lamphamvu ndipo galasi loyera limathobwa m'maso mwa okhala pa mabenchi, la kumwera lipatseni opepuka kuti m'tchalitchi musade.

Tchalitchi cha lero guwa lake layang'ana kum'mawa ndithu, tatsimikiza ndi kampasi. Pamwamba pake pali zenera lozungulira, masentimita 90 m'mimba mwake, la mtovu weniweni. Pakati pali mwanawankhosa woimirira, mwendo umodzi wakutsogolo wakola ndodo ya mbendera yoyera ya mtanda wofiira. Ndiye Mwanawankhosa wa Mulungu uja timamuimba pa Misa tisanalandire. Akakhala choimirira ndi mbendera, ndi Khristu wouka kwa akufa, wopambana imfa. Akakhala chogona pa buku lomwe likulendewera zomatira zisanu ndi ziwiri, ndi wa pa Chivumbulutso 5, yekhayo woyenera kutsegula bukulo. Akakhala kuti magazi akutuluka pachifuwa n'kugwera m'chikho, akunena za nsembe ya Misa.

Chozindikiritsa chenicheni chili kumutu. Oyera onse amajambulidwa ndi nkhata yowala kuseri kwa mutu, koma nkhata yokhala ndi mtanda m'kati, mikono itatu ikuonekera, ndi ya Mulungu yekha. Petulo sangaivale, ngakhale Amayi Maria sangaivale. Nkhosa yokhala ndi nkhata ya mtanda ndi Yesu. Nkhosa yopanda nkhata ndi inu ndi ine. Mmisiri wosadziwa akaveka Yosefe Woyera nkhata ya mtanda, walakwitsa chiphunzitso, osati kukongoletsa kokha.

Chimodzimodzi nkhunda. Yotsika mutu pansi, mapiko otambasula, nkhata ya mtanda kumutu, ndi Mzimu Woyera, ndipo malo ake ndi pobatizira. Ikazunguliridwa ndi malawi asanu ndi awiri, ndi mphatso zisanu ndi ziwiri zomwe ana a Ulimbitso amaloweza. Koma yowuluka chopingasa, tsamba kukamwa, yopanda nkhata, ndi nkhunda ya Nowa, chizindikiro cha mtendere.

Dzuwa linagunda zenera la kuguwalo itangokwana hafu pasiti sikisi. Kufiira kwa mtanda wa pa mbendera kunagwera pa nsalu ya paguwa n'kumatsetsereka pang'onopang'ono mpaka pa simenti. Pofika naini koloko zeneralo linali litazilala, ndipo amene amabwera Misa yachiwiri saliona momwe linapangidwira.

Lachitatu: Chitakale ndi pa boma la Mulanje

Chiperoni chatigwira. Phiri silikuoneka n'komwe, mvula yowaza ikubwera chopingasa ndi mphepo ya mwera. Kwa woyendera mazenera ili ndi tsiku labwino koposa, chifukwa zenera lililonse lodontha likudziulula lokha.

Mdani wamkulu wa zenera ku Mulanje si ana oponya miyala, ndi madzi. Galasi lokha silivunda. Zimene zimafa ndi zitatu: phala lomwe limatseka mpata pakati pa galasi ndi mtovu, mtovuwo, ndi zitsulo zogwiriziza.

Tiyambe ndi phala. Mmisiri akamaliza kulumikiza tizidutswa, amakhuthulira phala lakuda pa zeneralo n'kulikankhira pansi pa milomo ya mtovu ndi burashi yolimba. Ndilo limaletsa madzi, ndilonso limalimbitsa zenera lonse. Likakalamba limauma n'kumayoyoka. Kuyesa kwake: gogodani galasi ndi nsonga ya chala. Lolimba limalira mogonthera. Lomwe phala latha limachita phokoso ngati mbale zosanjikiza. Phala latsopano timayamba ndi makapu 4 a ufa wa choko wosefa, kapu imodzi ya mafuta a linseed owiritsa, theka la kapu la turpentine ndi kaufa kakuda kongodetsera, n'kumawonjezera choko kapena mafuta mpaka litakhuthala ngati phala la mgaiwa lozizira. Musathiremo simenti. Simenti imauma gwa, zenera n'kulephera kupuma dzuwa likatentha, ndipo chimasweka ndi galasi. Tsiku lodzaliphwasula, simentiyo idzachoka ndi m'mphepete mwa galasi.

Tapezanso malo omwe wina anamata silicone potseka madontho. Silicone wonunkha ngati viniga uja ali ndi asidi amene amadya mtovu, n'kuusandutsa ufa woyera. Ufa umenewo ndi poizoni. Aliyense wogwira mtovu asadye kapena kusuta ali pa ntchito, asambe m'manja ndi sopo, ndipo ana ndi amayi oyembekezera asayandikire posesa fumbi lake. Nyowetsani kaye musanasese.

Chachiwiri, mtovu. Ndi wofewa ndipo ndi wolemera. Zenera lotere limalemera makilogalamu 15 mpaka 20 pa sikweya mita. Kutentha ndi kuzizira kwa tsiku ndi tsiku kumalitambasula, koma silibwerera lonse, ndiye pakapita zaka limatuluka chimimba chakumunsi. Gonekani thabwa lowongoka lija pa zeneralo, muyeze mpata. Sentimita imodzi kapena awiri, lisiyeni, muzingoliyang'anira chaka ndi chaka. Likafika masentimita 4, kapena mukaona kuwala kukudutsa pakati pa galasi ndi mtovu, liyenera kutsitsidwa n'kugonekedwa pa thebulo. Kulikankha ndi dzanja lili pakhoma pomwepo ndiko kuswa magalasi khumi nthawi imodzi. Yang'ananinso polumikizira: mtovu wotopa umang'ambika pambali penipeni pa powotcherera. Pokonza, solder, chitsulo chofewa chosungunulira polumikizira, wa magawo 60 a tini ndi 40 a mtovu, amasungunuka pa madigiri pafupifupi 190 pomwe mtovu umasungunuka pa 327, choncho chitsulo chowotcherera chikatenthetsa chimaboola mtovuwo musanaphethire. Yesani kaye pa kachidutswa kotsala.

Chachitatu, zitsulo. Kuseri kwa zenera kumapingasa timipiringidzo tolowa m'khoma mbali zonse ziwiri, totalikirana masentimita 30 mpaka 45, ndipo zenera limamangiriridwa pamenepo ndi tinthambo ta mkuwa towotcherera pa mtovu. Pa zenera la Yosefe Woyera lomwe tayendera masana ano, tinthambo tisanu mwa tisanu ndi titatu tinali titaduka. Choipa kwambiri chili kunsonga za mipiringidzo. Dzimbiri limatenga malo ochuluka kangapo kuposa chitsulo chomwe ladya, ndiye nsonga yokwiriridwa m'njerwa yonyowa imafufuma n'kung'amba khoma. Mukaona mng'alu ukuchokera pomwe mpiringidzo walowera, musathamangire kunena kuti ndi maziko. Mafelemu achitsulo a gulu lachiwiri lija amafanso imfa yomweyi: dzimbiri limakula pansi pa putty, n'kufinya galasi mpaka kusweka pakona. Mankhwala ake ndi kuchotsa putty yense, kupala chitsulo mpaka chiwale, kupaka penti yoletsa dzimbiri ya red oxide kawiri, kenako kubwezera galasi mutasiya mpata wa mamilimita 2 kuzungulira.

Yosefeyo wagwira ndodo yophuka maluwa a kakombo, chizindikiro cha kuyera mtima, ndipo kumapazi kwake kuli sikweya ya kalipentala. Felemu ya zeneralo ndi ya mkungudza wa m'phiri muno. Chiswe sichinaikhudze, ndipo ukapala pang'ono fungo likadalipo. Mtengo umenewu watsala pang'ono kutheratu m'phirimu, ndiye mukaupeza pa zenera lakale, dulani povunda pokha n'kulumikiza thabwa lina. Musazule felemu yonse.

Lachinayi: Likhubula

Kwayera. Chambe, imodzi mwa nsonga za phiri la Mulanje, waima poyera ndi thanthwe lake lalikulu, koma matchalitchi a mbali ino ya phiri dzuwa la m'mawa amalilandira mochedwa, chifukwa phiri lili kum'mawa kwawo. Womanga kuno aganizire bwino: zenera lodula kuliika kum'mawa ndiko kulipereka ku mthunzi nthawi ya Misa yoyamba. La kumadzulo ndi la kumpoto ndiwo amadya dzuwa.

Lero ndi tsiku la Amayi Maria. M'chigawo chino cha kumwera zithunzi zawo n'zochuluka, ndipo n'zosadabwitsa, pakuti ansembe a chipani cha Montfort, omwe anafika ku Nzama m'boma la Ntcheu mu 1901 n'kufalikira kumwera konse kuno, ndi ana a Louis-Marie de Montfort, amene moyo wake wonse ankalalikira za kudzipereka kwa Yesu kudzera mwa Maria.

Zenera lomwe takhalitsapo ndi lalitali mamita awiri, la zigawo zitatu zosanjikizana. Mayi waima pa mwezi wooneka ngati chikwakwa, kumutu kuli nyenyezi. Ziwerengeni: ziyenera kukhala 12, monga pa Chivumbulutso 12:1. Pansi pa phazi pali njoka, kuchokera pa Genesis 3:15. Mkanjo wam'kati ndi wofiira, chofunda chakunja ndi chabuluu. M'munsimo muli mitima iwiri yoyandikana, ndipo apa ndi pomwe akhristu ambiri amasokoneza. Mtima wozengedwa ndi minga, wa bala pambali, mtanda ndi malawi pamwamba, ndi Mtima Woyera wa Yesu, monga momwe Margaret Mary Alacoque anaufotokozera ku Paray-le-Monial pakati pa 1673 ndi 1675. Mtima wozengedwa ndi maluwa, wobayidwa ndi lupanga, ndi wa Maria, ndipo lupangalo ndi lija ananena Simeoni pa Luka 2:35. Minga ndi ya Mwana, lupanga ndi la Mayi.

Mayi wina wa bungwe la amayi achikatolika, amene anatitsegulira chitseko, anafunsa kuti, "Nanga bambo, chofunda cha Amayiwa bwanji sichisuluka, pomwe nsalu yanga yabuluu miyezi itatu pa chingwe yatha kale?" Yankho lili mu uvuni. Galasi ndi mchenga wosungunulidwa pamodzi ndi phulusa kapena soda ndi laimu, ndipo mtundu umabwera ndi zitsulo zothiridwa lili lamadzi. Cobalt amapereka buluu, ndipo pang'ono chabe amakwanira. Chitsulo chimapereka kubiriwira, manganese amapereka pepo, mkuwa umapereka kubiriwira kapena kufiira malinga ndi momwe moto wayendetsedwera. Kufiira kwa mkuwa n'kozama kwambiri moti galasi lonse likakhala lofiira kuwala sikudutsa. Ndiye amisiri amavundikira kagawo kofiira kopyapyala pamwamba pa galasi loyera. Mukaona kachidutswa kofiira kosweka, yang'anani m'mphepete: mudzaona kamzere kofiira pamwamba pa galasi loyera. Choncho galasi lofiira silikwechedwa ndi chilichonse chokanda, mungalibowole mtundu.

Chikasu cha nyenyezi ndi nkhata chili ndi njira yakeyake, yomwe inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300. Amapaka mankhwala a siliva kuseri kwa galasi loyera n'kuwotcha, siliva n'kulowa m'galasimo n'kulisandutsa lachikasu. Ndiyo njira imene imalola mutu ndi nkhata yake kukhala pa chidutswa chimodzi popanda mtovu wodutsa pakati.

Pali chinanso chimene mmisiri wojambula zenera latsopano ayenera kudziwa. Mitundu siiyenda mofanana m'maso. Buluu amasefukira, ukaima patali amakwera pa mtovu n'kulowerera mitundu yoyandikana nayo, moti chofiira chogundana ndi buluu chimaoneka pepo. Choyera chimameza mizere yakuda yopyapyala. Nkhope yojambulidwa bwino pa thebulo, ikakwera mamita asanu pakhoma, maso ndi pakamwa zimasowa. Mankhwala ake ndi kulekanitsa buluu ndi chofiira ndi kamzere koyera kapena mtovu wokulirapo, wa mamilimita 10 kapena 12 m'malo mwa 6, ndi kunenepetsa mizere ya nkhope mpaka ioneke ngati yanyanya. Musavomereze zenera mmisiri asanaliimike pa kuwala inu n'kuliona mutaima kubenchi yakumbuyo.

Lachisanu: njira ya ku Muloza

Msewu wadutsa m'minda ya tiyi, phiri lili kumanzere, mpaka kufupi ndi malire a Mozambique. Mbali ino mvula ndi yambiri, ndere zamera mpaka pa makoma. Namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 anasiya zipsera m'boma lonse lino, ndipo m'matchalitchi ena a kumudzi mabowo a mazenera akadali otsekedwa ndi malata.

Tchalitchi cha lero chili ndi mazenera a gulu lina lomwe sitinalitchule Lolemba: zidutswa za galasi zonenepa, masentimita awiri kapena atatu, zoumbidwira mu konkire. Njira imeneyi inayamba ku France m'zaka za m'ma 1930, ndipo amaitcha dalle de verre. Mwala woponya suiswa, wakuba sangaibowole, ndipo mtundu wake ndi wozama zedi. Koma ili ndi nthenda yake: mawaya a m'konkiremo akachita dzimbiri, konkire imasweka n'kulavula magalasi. Tawerenga ming'alu isanu ndi umodzi, yonse yotsata mawaya. Kumata simenti pamwamba n'kungobisa bala. Pofunika kugoba mpaka pa waya, kumupala ndi kumupaka, kenako kutseka.

Popeza pa galasi lotere sajambulapo nkhope, zonse zimanenedwa ndi zizindikiro. Pali ngala za tirigu ndi phava la mphesa pambali pa tabernakulo, mkate ndi vinyo. Pali nangula, chiyembekezo cha pa Ahebri 6:19. Pali makiyi awiri opingasana a Petulo, a pa Mateyo 16:19, ndi lupanga la Paulo, lomwe likunena za imfa yake ku Roma komanso za mawu a Mulungu. Zilembo IHS ndi chiyambi cha dzina la Yesu m'Chigriki. X wopingasana ndi P si zilembo zathu ayi, ndi zilembo ziwiri zoyamba za dzina la Khristu m'Chigriki chomwecho. Pa khomo pali zamoyo zinayi za pa Ezekieli 1:10 ndi Chivumbulutso 4:7, zonse za mapiko: munthu ndi Mateyo, amene amayamba ndi mndandanda wa makolo a Yesu, mkango ndi Marko, amene amayamba ndi mawu ofuula m'chipululu, ng'ombe ndi Luka, amene amayamba ndi Zakariya wansembe m'Nyumba ya Mulungu, chiwombankhanga ndi Yohane, amene amayambira kumwamba kwenikweni.

Chimodzi chokha chinali chitasowa mwini. Mbalame yoyera yaweramitsa khosi, mlomo pachifuwa, madontho atatu ofiira, tiana titatu tayasamula pansi pake. Tinafunsa achinyamata a kwaya omwe ankayeserera nyimbo, onse anati ndi nkhuku ndi anapiye ake. Akatekisti anaseka n'kunena kuti, "Ana inu, ameneyo ndi vuwo." Anthu akale a ku Ulaya ankakhulupirira kuti vuwo, mbalame yaikulu ya m'madzi yodya nsomba, amadzibaya pachifuwa kuti adyetse ana ake magazi ake. Mbalameyo sichita zimenezo, koma chithunzicho chinakhazikika ngati chizindikiro cha Khristu wotidyetsa thupi ndi magazi ake. Komabe achinyamatawo sanaphonye kwenikweni, pakuti pa Mateyo 23:37 Yesu mwini akudzifanizira ndi thadzi losonkhanitsa anapiye m'mapiko mwake. Ife tikuona kuti parishi yopangitsa zenera latsopano m'dera lomwe mwana sanaonepo vuwo ingachite bwino kusankha thadzi. Lili m'Malembo, ndipo aliyense waonapo thadzi likuthamangitsa mphamba. Ku KuNgoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa ku Mua mu 1976, amisiri akhala akusema ndi kujambula nkhani za Uthenga Wabwino ndi nkhope, zovala ndi ziwiya zakwathu.  Tirigu ndi mphesa zokha zisasinthidwe ndi chimanga, chifukwa zikuloza zinthu zenizeni za pa guwa.

Parishi zambiri kuno zimafuna zenera la Amartiri a ku Uganda. Akatolika mwa iwo ndi 22, ndipo Papa Paulo VI anawalengeza kuti ndi oyera mu 1964. Kalolo Lwanga ndi anzake anawotchedwa ku Namugongo pa 3 Juni 1886, atakulungidwa m'mabango. Choncho zizindikiro zawo ndi malawi, mitolo ya mabango, ndi nthambi ya kanjedza m'manja, ya pa Chivumbulutso 7:9. Kizito, wamng'ono pa onse, ajambulidwe ngati mnyamata, osati bambo wandevu. Pa khungu lakuda musadetse galasi loyera ndi penti yambiri, nkhope imafa. Sankhani galasi loderako lomwe kuwala kumadutsa, mujambule mizere yokha ndi mthunzi pang'ono.

Loweruka: kubwerera kudzera ku Thyolo

Loweruka ndi tsiku lomwe miphakati imasinthana kukolopa m'tchalitchi, ndipo ndi tsiku lomwe mazenera ambiri amavulala ndi manja achikondi. Tapeza ndowa ya sopo waufa, sitiluwulu ndi nyuzipepala zili kale pansi pa zenera la mtovu, ndipo tinapempha amayi a mphakatiwo kuti tiyambe taonera limodzi.

Sopo waufa, viniga, mankhwala opopera magalasi a galimoto ndi phulusa, zonsezi zisayandikire zenera la mtovu. Yambani ndi burashi yofewa youma kuchotsa fumbi ndi ukonde wa akangaude, kuchokera pamwamba kutsika. Kenako walitsani tochi chopendeketsa pa nkhope ndi manja. Mukaona penti yakudayo ikutukuka kapena yachita ngati ufa, pamenepo musakhudzepo n'komwe, ngakhale ndi madzi. Pomwe penti ili yolimba, kulungani thonje pa kamtengo, linyowetseni ndi madzi osungunulidwa, mulifinye, ndipo muzilipiringiza pa galasi osati kukwecha. Thonje likada, tayani, tengani lina. Chidutswa chimodzi chithe musanapite pa china. Zisa za mavu zinyowetseni kaye zifewe, musazigobe ndi mpeni. Makandulo asunthireni kutali ndi zenera, mwaye wake umamatirira.

Kunja, sefa ya waya wosachita dzimbiri, yotalikira masentimita 5 kuchokera pa galasi, imateteza ku miyala ndi mpira. Waya wamba amachita dzimbiri, mvula n'kumatsitsira madzi ofiira pa galasi ndi pakhoma. Ofuna kuika galasi lina loteteza kunja asiye mpata pakati, ndi timabowo pansi ndi pamwamba kuti mpweya uziyenda. Mukatseka ponseponse, m'katimo mumachita thukuta usiku uliwonse, masana n'kumatentha ngati uvuni, ndipo zenera lomwe likanakhala zaka zambiri limatuluka chimimba msanga.

Kachidutswa kakagwa, musakataye ngakhale katasweka patatu. Kaikeni mu envelopu, mulembepo zenera lake ndi malo ake, mupereke kwa bambo mfumu. Pa zenera la leroli panali bowo pa dzanja lamanja la Yesu, pomwe wina anatsekapo ndi katoni. Amayi ena achikulire anapita kusakristiya n'kubwera ndi chitini cha machesi, m'kati muli tizidutswa tiwiri tokulungidwa m'kansalu. Titatiika pa kuwala, zala ziwiri zodalitsa zinaoneka, ndi chipsera cha msomali pachikhatho. Tayeza bowolo, masentimita 11 kutalika ndi 7 m'lifupi, ndipo tizidutswato tikukwanira pamalo pake.